Golo la Tova

Chaka changa chachitatu pa koleji ndinachiyamba ngati zaka ziwiri zoyambazo: pa benchi, nditavala zida zonse, ndikutsegulira anzanga kachitseko akamalowa ndi kutuluka pa ayezi. Timu ya hoke imakhala ndi apagolo awiri, koma golo ndi limodzi, ndipo lathu linali la Tova Lindgren. M'zaka ziwirizo ndinali nditasewera magemu atatu okha, onsewo ndi matimu ofooka.

Sindinkadandaula kwambiri. Tova anali katswiri, komanso anali mnzanga. Tinkagona chipinda chimodzi, ndipo popita kokachita masewera olimbitsa thupi tinkakwera galimoto yake yakale ija, yomwe kukazizira inkafuna kuinyengerera kuti ilire. Chinali chaka chake chomaliza. Mphekesera zinali zoti osankha timu ya dziko amuitana kuti akamuyese mu Epulo.

Timu yathu ya atsikana inali isanatengepo chikho cha ligi chikhalire. Koma chaka chimenecho mu Okutobala tinawina magemu asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiri. Pofika Disembala, anthu a m'katawuni kathu ka migodi kumpoto kwa Minnesota, omwe kale ankangobwera kudzaonera anyamata, anayamba kudzaza mipando Loweruka masana atavala majekete a kuntchito. Kochi wathu, Mayi Rautio, sankaseka wamba, koma tinawapezapo kawiri akumwetulira okha.

Zinasokonekera pa Loweruka lachitatu la Januwale, kwawo kwa timu ya Elk Harbor. Wakutsogolo wawo anabwera ali liwiro la mtondo wadooka, anakodwa pa ndodo ya Brynn, kaputeni wathu, n'kukamuwomba Tova. Mutu wa Tova unagunda chitsulo cha golo. Kulira kwa chitsulocho ndinakumva ndili pa benchi. Bwalo lonse linangoti zii.

Anadzuka yekha. Bambo Pelletier, omwe ankayang'anira za kuvulala kwa osewera, anamutengera pambali n'kumuyesa mutu: kuloweza mawu asanu, kuwerenga manambala chobwerera, kuima ndi mwendo umodzi. Anayerekeza ndi mmene anakhozera mayeso omwewo mu Seputembala ali bwinobwino, ndipo anapeza kuti palibe kusiyana. Anamulola kubwerera. Tinawina zigoli ziwiri kwa duu.

Ine ndinali nditavala kale chipewa choteteza mutu, pokonzekera kulowa m'malo mwake. Ndinachivula. Ndipo ndinkadziwa chinthu chimene Bambo Pelletier sankachidziwa. Tsiku la mayeso a mu Seputembala, Tova anatuluka akuseka n'kundinong'oneza kuti, "Ndadzipusitsa dala, aise. Ndikadzagunda mutu, ndidzakhoza chimodzimodzi." Ndinaseka nawo tsiku limenelo.

Lolemba m'mawa ndinatsegula makatani, iye n'kudzifunda bulangeti kumutu.

"Tseka, Marit."

"Ndi eyiti koloko. Uli ndi kalasi."

"Ndati tseka. Kuwalako kukundibaya m'maso."

Lachitatu ndinamumva akusanza kubafa. Anati ndi mazira a kukantini. Anayamba kuvala magalasi akuda podya m'mawa, atsikana n'kumamuseka kuti watchuka msanga. Iye ankaseka nawo, koma khofi wake ankamusiya mpaka kuzizira. Buku ankalitsegula tsamba limodzi, pakatha theka la ola lili pomwepo.

Ndinadikira sabata yathunthu ndisanamufunse. Tinali m'chipinda masana, iye akumata tepi pa ndodo yake.

"Mutu ukupwetekabe?"

"Ndili bho."

"Suli bho. Dzulo unandifunsa katatu ngati basi ikunyamuka folo."

Anasiya kumata. "Ukufuna kunena chiyani?"

"Tiye kwa Bambo Pelletier. Ndikuperekeza."

"Akandipeza ndi kanthu andikhazika pansi milungu isanu ndi umodzi. Milungu isanu ndi umodzi ligi yatha, Marit. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndili pa ayezi, ndiye zithere pa benchi pambali pa iwe?" Anaona nkhope yanga, n'kutsitsa mawu. "Pepa. Sindimatanthauza choncho. Koma taganiza. Ukakanena, anthu ati chiyani? Golo likakhala la ndani?"

Funso limenelo linanditseka pakamwa milungu inayi, chifukwa yankho lake ndinkalidziwa, ndipo golo ndinkalifunadi. Gemu iliyonse ndinkakhala pa benchi maso ali pa chipewa chake. Paki, kampira kakuda kolimba ngati mwala kaja, ikamuulukira kumtunda, ndinkatseka maso. Koma pansi pamtima panali kamawu kena konyansa kamene kankati mwina lero agwa, ndipo ndilowa popanda kunena kanthu.

Sanagwe. Mu Febuluwale tinawina magemu asanu, kuluza awiri. Tova analowetsa zigoli zingapo zimene kale sakanalowetsa, zoombedwa patali, koma otchinga kumbuyo ankagwira ntchito ya anthu awiri ndipo palibe ankafunsa. Tinamaliza pa nambala yachiwiri mu ligi. Panatsala magemu awiri a chikho: semifainolo Lachisanu, ndipo tikapambana, fainolo Lamlungu, onse pabwalo lathu. Pamawindo a masitolo m'tawuni anthu anamata nambala ya Tova.

Lachiwiri la sabata imeneyo tinanyamuka thu koloko kupita ku bwalo. Chipale chofewa chinkagwa pang'onopang'ono. Titafika pa mphambano ya pafupi ndi tchalitchi cha Lutheran, anaima. Magetsi a pamphambanopo anayaka obiriwira, iye ali chiimire. Galimoto ya kumbuyo inaliza hutala.

"Tova, tiye."

Manja ake anali atagwira chiwongolero mwamphamvu, maso ali tong'o kutsogolo.

"Tikhotere kuti?"

Ndinayesa kuti ndi nthabwala. Ndinamuyang'ana, n'kuona kuti sakuseka.

"Kumanzere," ndinatero. "Monga mwa masiku onse."

Anakhota. Msewu umenewo anauyenda zaka zinayi, tsiku ndi tsiku.

Poyeserera tsiku limenelo, Brynn anaomba paki yomwe inamugunda Tova pachipumi cha chipewa. Sikanali kaombedwe koopsa, zotere zimachitika kakhumi pa sabata. Tova anaimirira osagwedezeka kwa kanthawi, ndodo ili lende, kenako anakweza dzanja kuti apitirize.

Mawa lake m'mawa sindinapite kukalasi. Ndinaima pakhomo pa ofesi ya Bambo Pelletier mpaka iwo anandiona okha.

"Lowa, Koskela. Bondo lija?"

"Ayi, bambo. Ndabwerera za Tova."

Ndinanena zonse, za makatani, za kusanza, za mphambano, ndi za mayeso a mu Seputembala. Anamvetsera osandidula. Atavula magalasi anafunsa funso limodzi.

"Wadziwa liti zimenezi?"

"Januwale."

"Milungu isanu." Anayang'ana kalendala ya pakhoma. "Magemu khumi."

Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanatero.

Masana a tsiku lomwelo anapita ndi Tova kuchipatala. Pofika folo koloko, Mayi Rautio analowa m'chipinda chosinthira zovala tonse tili momwemo. Anati dokotala wamuletsa Tova kusewera mpaka chaka chithe, ndipo Lachisanu pagolo pakhala Marit. Sananene kuti zadziwika bwanji. Panalibe chifukwa chonenera. Mitu makumi awiri inatembenukira kwa ine.

Tova anabwera patapita kanthawi kudzatenga zinthu zake. Malo ake anali oyandikana ndi anga. Analongedza pang'onopang'ono, n'kutseka chikwama.

"Wakondwa?" anatero, osandiyang'ana.

"Unasochera pa mphambano, Tova."

"Magemu awiri. Ndinatsala ndi magemu awiri okha pa moyo wanga."

Anatuluka. Tsiku lomwelo anasamukira kuchipinda cha Brynn. Brynn ndiye anabwera kudzatenga mabulangeti ake, ndipo ataima pakhomo anati, "Ukanadikira masiku asanu, mwana iwe. Wadikira milungu isanu, masiku asanu akukanika bwanji?"

"Paki yako inamugunda pachipumi dzulo. Unamuona mmene anaimira."

Nkhope yake inasintha. Ndinadziwa kuti ndamulasa pachilonda, popeza ndodo ya ku Elk Harbor ija inalinso yake. Anamenyetsa chitseko.

Lachisanu bwalo linadzaza mpaka ena anaimirira m'masitepe. Mwambo wathu ndi woti gemu isanayambe aliyense amadutsa pa golo n'kugogoda zotchingira miyendo za wapagolo ndi ndodo. Anandigogoda atsikana anayi. Wolengeza atatchula dzina langa, anthu anaomba m'manja mwaulemu chabe, ndipo bambo wina kuseri kwa galasi lotchinga bwalo anafunsa mnzake mokweza kuti, "Ameneyu ndiye ndani?"

Paki yoyamba imene anandiombera inalowa. Inali isanathe mphindi ziwiri. Ndinaiona bwinobwino ikubwera, koma dzanja linachedwa ngati la munthu wina. Ndinaitulutsa mu ukonde. Pa benchi panalibe wondilowa m'malo woti n'kumudalira, kamtsikana ka chaka choyamba kokha komwe anangokaveka zida za wapagolo sabata yomweyo.

Ndinasiya kuyang'ana anthu. Ndinkangowerenga zoombedwa. Yachiwiri inagunda pachifuwa. Yachitatu ndinaigwira. Pofika ya khumi, mpweya unayamba kulowa bwino. Gemu ya hoke imakhala ndi zigawo zitatu. Tinabweza chigoli m'chigawo chachiwiri, ndipo Brynn anagoletsa china chigawo chachitatu chili pakati. Mphindi yomaliza a timu inayo anachotsa wapagolo wawo n'kuwonjezera woukira, anthu asanu ndi mmodzi onse pakhomo panga. Sindinkaona kanthu koma miyendo ndi ndodo. Paki ina inandigunda paphewa, ina inagunda chitsulo, ina ndinaigonera osadziwa kuti ili pansi panga mpaka wezulo inalira. Tinawina ziwiri kwa chimodzi.

Atsikana anandiunjikira monga amachitira. M'chipinda chosinthira zovala munali nyimbo, koma sizinakhalitse. Malo a Tova anali opanda kanthu. Dokotala anali atamuletsa ngakhale kubwera kudzaonera, chifukwa cha magetsi ndi phokoso.

Lamlungu tinakumana ndi Elk Harbor. Anali othamanga kutiposa ndipo ankadziwa kuti pagolo pali mlendo. Ankaomba paliponse, ngakhale kuchokera pakati pa bwalo, ndipo wakutsogolo wawo uja akamadutsa ankandiuza kuti, "Mwiniwake wa golo ali kuti, sisi? Wakubwereka mpaka liti?" Ndinatchinga zoombedwa makumi atatu ndi zinayi. Kutatsala mphindi zitatu zinali ziwiri kwa ziwiri.

Chigoli chachitatu sichinali chovuta. Mtsikana wawo anabwera chakumanja yekha, ngodya yake yopapatiza. Anakweza ndodo, ine n'kugwada, iye n'kudikira pang'ono chabe, paki n'kudutsa pamwamba pa phewa langa. Ndinamva ukonde ukugwedezeka kumbuyo kwanga. Mphindi zitatu zotsalazo tinakankha ndi mphamvu zonse, sizinatheke.

Tinaima pamzere kuwaonerera akunyamula chikho pabwalo lathu. Palibe anandinena. Mayi Rautio anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Wasewera, Koskela." Brynn anakhala pansi nthawi yaitali atavala nsapato zake, kenako anadzuka n'kudzandithandiza kumasula malamba a kumbuyo kwa miyendo.

Tova sanamalize temu. Kuwerenga kunkamukanika, ndipo makolo ake anabwera kudzamutenga. Kokayesedwa kwa mu Epulo kuja sanapite. Ndinamulembera mauthenga atatu, sanayankhe. Kumayambiriro kwa Meyi amayi ake ndiwo anandiimbira foni, n'kunena kuti ngati ndili ndi mpata Loweruka ndikafike.

Kwawo ndi ulendo wa maola awiri. Amayi ake anandilandira pakhonde, anandigwira manja onse awiri. Dokotala anali atawauza kuti kugunda kwina kukanatha kumusiya wosachiranso, ndipo ngakhale pano sankalonjeza tsiku limene mutuwo udzasiye.

Ndinamupeza pabalaza, makatani atatsekedwa theka. Anali atawonda. Anandilozera mpando ndi chibwano.

"Amayi ndiwo akuitana, osati ine," anatero.

"Ndikudziwa."

"Sindinakukhululukire. Mwina m'tsogolo. Masiku ena ndimadzuka ndikufuna kukuthokoza, pofika masana ndikufuna kukuponya m'nyanja."

"Lero ndi liti?"

"Sanakwane masana."

Kukhitchini amayi ake ankagobeza mbale mwadala kuti tidziwe kuti sakumvetsera.

"Andilola kuonera kanema mphindi khumi pa tsiku," anatero. "Fainolo ija yanditengera masabata awiri."

"Ndiye waiona."

"Chigoli chachitatu chija unagwada msanga."

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa. Ukanadziwa sukanagwada. Mtsikana uja amayang'ana maondo ako, osati golo. Taimirira." Anakankha tebulo laling'ono ndi phazi kuti pakhale malo. "Imirira, Marit. Ika phewa pa chitseko icho ngati ndi chitsulo. Chaka chamawa adzabweranso chakumanja komweko, ndipo ine sindifuna kudzaonera zopusa."

Ndinaimirira, n'kutsamira chitseko. Iye anatenga tsache la amayi ake pakona, analigwira ngati ndodo, n'kuyamba kundiyandikira pang'onopang'ono kuchokera kumanja.