Zigoli za pa Kapeti

Luse sankatha kukanira munthu wamkulu. Ndiye pomwe ba Joseph, wapampando wa komiti ya timu ya hoke ya atsikana ku Mtendere, anamupempha kope lake, anangolitulutsa m'chikwama n'kupereka ndi manja awiri. Anazindikira ali kale kunyumba kuti kope lija lichotsetsa ntchito ba Maud, kochi wawo watsopano.

Chiyambireni kusewera kutsogolo mu timuyi, Luse ankalemba masewera aliwonse: tsiku, bwalo, adani, zigoli. Palibe anamutuma. Kulemba kunkangomupepukira kuposa kulankhula. Koma manambala ake sankawakomera ba Maud. Chaka chatha, timu ili ndi kochi wakale ba Chrispin, inamwetsa zigoli makumi atatu ndi chimodzi m'masewera khumi ndi awiri. Chaka chino masewera anali khumi ndi awiri omwewo, koma zigoli khumi ndi zinayi basi.

Loweruka masana komiti inakumana m'kalasi ya pasukulu, osewera atakhala kumbuyo pa madesiki. Ba Maud anakhala pafupi ndi khomo, akuzunguliza chingwe cha wezulo pachala.

"Vinthu vili poyera," anatero ba Joseph akugwedeza kope m'mwamba. "Si ndine nalemba, ni mwana uyu. Ba Chrispin benze kuthamangisa bana mpaka fumbi mu mphuno. Manje aba? Batenga timu yonse kukaseweresa pa simenti mu holo ya tchalitchi, monga ni kicheni pate!"

Anthu anaseka. Luse anayang'ana nsapato zake. Iye ankadziwa chomwe ankakachita mu holomo. Pa bwalo lawo la fumbi mpira umadumphadumpha, ndiye atsikana onse anakula akuudikira ndodo ya hoke ili chiimire. Chaka chino ligi inasamutsira masewera onse kutauni, pa bwalo la kapeti lothiridwa madzi, pomwe mpira umangotsetsereka ngati sopo. Luse yemweyo anaphonya kambirimbiri, ndodo ili m'mwamba kudikira mpira woti udumphe, pomwe iwo wadutsa kale. Ba Maud ataona zimenezi ndi pomwe anapempha holo ija, n'kuyamba kuwaphunzitsa kupinda mawondo ndi kugoneka ndodo pansi.

"Tivote chabe," anatero ba Joseph.

Luse anangopezeka waimirira.

"Ba cheya, muwerengeko na kumbali."

"Kamba mokweza iwe, sitili mu kolapira!" anakuwa ba Joseph.

"Kumbali kwa deti nenze kulemba bwalo," anatero Luse. "Nthawi ya ba Chrispin, magemu teni yenze pa fumbi. Yawiri chabe pa kapeti."

Ba Kafula, mayi wa m'komiti amene amagulitsa tomato pamsika, anatsomphola kope m'manja mwa ba Joseph. Anavala magalasi n'kutsetsereka ndi chala pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Iyee. Pa kapeti ba Chrispin batibweretsera mazira yawiri. Ziro na ziro." Anatembenuza tsamba. "Aba ba Maud yonse ni pa kapeti. Magemu eyiti yoyamba, vigoli vitatu. Yanayi yothera, leveni. Ba Joseph, ba Chrispin banafikako leveni pa kapeti?"

Ba Joseph anatenganso kope lija, naliyandikiza kumaso, kenako naliika patali.

"Vitatu vija ni mulandu wanga," anapitiriza Luse, popeza anali atayamba kale ndipo kubwerera kunalibe. "Nenze kuyembekeza bola ijumphe. Mu holo ndiye mwamene naleka."

"Manje sunakambe chifukwa chani?" anafunsa ba Joseph.

"Munamufunsa?" anatero ba Kafula. "Munatenga chabe buku monga ni yanu."

Ulendo uno osewera ndi amene anaseka, mmodzi mpaka kumenya desiki. Ba Joseph anakanda m'mutu nthawi yaitali. Kenako anati nkhani ya voti aiiwale, ba Maud apitirize, koma tsiku lina iwonso adzabwera ku holoko adzaone ndi maso awo.

Panja, Luse anatsamira khoma. Pachifuwa panali patapepuka koyamba sabata yonseyo. Ba Maud anatuluka ndi kope lija n'kumuikira m'manja. Sanathokoze, ndipo Luse anakondwera kuti sanatero, chifukwa akanalira pamaso pa anthu.

"Mande folo koloko, mu holo," anatero ba Maud. "Ubwere na tsache. Bakwaya basiya makoko ya nshawa ponseponse, bola izayamba futi kujumpha."

Luse anavomera ndi mutu, naika kope m'chikwama, pansi penipeni, n'kutseka zipi.