Madigiri Anayi a pa Thireyi 14

Kufakitale amanditchula Khutu, chifukwa ndikafuna kudziwa mmene kolamu ikuyendera ndimagunditsa sipanala pachitsulo chake n'kuika khutu kumapeto kwa sipanalayo. Ndakhala ndikuimvetsera choncho zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kolamuyi ndi chithanki chowonda, chachitali kuposa nyumba ya nsanjika zinayi, ndipo m'kati mwake muli mathireyi makumi atatu osanjikizana. Amatibweretsera mankhwala osungunulira penti amene agwira kale ntchito, zinthu zitatu zitasakanikirana: asetoni, mowa wa m'mafakitale, ndi madzi. Ntchito yathu ndi kuzitcheza kuti chilichonse chikhale pachokha. Asetoni sachedwa kuwira, ndiye amathawira pamwamba penipeni. Madzi ndi aulesi, amatsalira pansi. Wovuta ndi mowa, poti suli uku suli uko. Ndiye kuyambira kale timatcheza kawiri, ulendo woyamba kuchotsa asetoni, wachiwiri kulekanitsa mowa ndi madzi.

Chaka chatha abwana analengeza kuti akufuna kapitawo woyang'anira mashifiti onse a pakolamu. Udindo umenewo ndinkaufuna, sindibisa. Mkazi wanga anali atayamba kale kundinyodola m'mawa, amvekere, "A Kapitawo, madzi osamba ndaika."

Mwezi womwewo abwana analemba ntchito mng'ono wanga.

Mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ine, mamina ndinkamupukuta ndine. Anapita kuyunivesite, nabwerako ali injiniya wa zamakemikolo. Tsiku loyamba anamupatsa chisoti choyera, pamene changa ndi chachikasu chija chimene amavala aliyense, ngakhale wosesa. Amayi akalandira alendo amati, "Uyu ndi mwana wanga injiniya." Akafika pa ine amati, "Wamkuluyu nayenso amagwira komweko." Nayenso. Liwu limenelo linkandibaya, koma ndinkaseka nawo.

Tsiku lina masana tikudya pamasitepe a kolamu, pakamwa panga panandipereka. Ndinamulozera paipi yakale yotsekedwa, ya pa thireyi 14.

"Ukuiona iyo? Mowa umaunjikana pamenepo. Ndimaumva ine. Titatsegula paipi imeneyo n'kumaukoka pang'onopang'ono, asetoni azituluka pamwamba, mowa pakati, madzi pansi. Ulendo umodzi basi."

Anasiya kutafuna. "Achimwene, munawauzapo abwana zimenezi?"

"Abwana angamvere munthu wa chisoti chachikasu?"

Anatulutsa cholembera n'kuyamba kujambula pachikhatho. Ine ndinakondwa, osadziwa kuti ndikulimira wina munda.

Patapita masabata atatu tinaitanidwa tonse kuchipinda cha misonkhano. Pakhoma anaonetsa kolamu yanga, ataijambula pakompyuta ndi mizere yofiira ndi yobiriwira, ndipo paipi ya pa thireyi 14 ataizunguliza. Mng'ono wanga anaima kutsogolo akufotokoza kuti wawerengetsa thireyi ndi thireyi, ndipo masamu akuvomereza. Abwana ankangogwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa ife n'kunena kuti, "Mwaona kukoma kwa sukulu?" Anthu anaomba m'manja. Mayi wa mulabu, amene amayeza mankhwala athu, anandigunda ndi chigongono, akuti, "A Khutu, kwanu kuli mitu."

 Ndinanamizira kuti ndamva pampu ikulira zachilendo, ndipo ndinatuluka msonkhano uli pakati. Ndinakaima pafupi ndi pampu imene inalibe vuto lililonse, ndikutukwana chamumtima. Ndiye kuti ukapitawo wapita kumeneku, ndinatero. Kamwana ka dzulodzulo kazidzandiuza ine nthawi yoweruka.

Kunyumba mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi. "Nkhope imeneyo ndi ya nsanje, bambo a ana."

"Ndichitire nsanje mwana wa amayi anga?"

"Nanga anthu amachitira nsanje mlendo?"

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene sichinali pakompyuta. Geji yoyezera kutentha pa thireyi 14 imanama. Ukaichotsa n'kukaiyesa mulabu imakhala bwinobwino, ndipo amaimata kapepala kotsimikizira. Koma kachitsulo kake n'kakafupi, sikafika bwino m'madzi a pathireyi, ndiye imaonetsa madigiri anayi ochepera. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchito anandiuza tsiku loyamba kuti, "Pa 14 uziwonjezera zinayi m'mutu." Iye anamwalira, anzake anapuma pantchito. Anyamata a masiku ano saiyang'ana n'komwe geji imeneyo, poti potcheza kawiri ilibe ntchito kwenikweni. Wodziwa ndinatsala ndekha.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tiyesere njira yatsopanoyo, mng'ono wanga anandipeza m'chipinda chowongolera makina.

"Achimwene, zonse zikudalira kutentha kwa pa 14. Pakhale pa 78. Pakatentha kuposa apo madzi akwera n'kulowa mumowa. Chilipo chimene ndiyenera kudziwa pa geji imeneyi?"

Mawu anafika pakhosi, ndinawamva. Koma maso anga anagwera pachisoti choyera chimene anachikhazika patebulo langa, pamwamba pa kapu yanga ya tiyi.

"Kapepala kake kakuti bwanji?" ndinafunsa.

"Kakuti ili bwino."

"Ndiye ukufunsanso ine? Injiniya ndiwe."

Anaseka, akuyesa ndikumucheza, n'kutuluka akuimba mluzu.

M'mawa mwake tinatsegula paipi ija. Abwana anabwera, mayi wa mulabu anabwera ndi timabotolo take. Mng'ono wanga anawonjezera nthunzi yotenthetsera kolamu mpaka geji inaima pa 78, kutanthauza kuti m'katimo munali 82. Ndinakwera masitepe n'kugunditsa sipanala. Thireyi inkamveka molemera, mmene imamvekera madzi akachuluka. Kungopotokola pang'ono vavu ya nthunzi kukanakonza zonse, ndipo vavuyo inali pafupi ndi bondo langa. Ndinaika sipanala m'thumba n'kutsika.

Botolo loyamba linabwera kuchokera kulabu, madzi ambiri. Lachiwiri chimodzimodzi. Mng'ono wanga ankathamanga pakati pa kompyuta ndi kolamu, malaya atanyowa kumsana, akubwereza masamu ake. Lachitatu litabwera abwana anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Tsekani. Bwererani ku njira yakale." Ndinene zoona, mtima wanga unazizira bwino. Ndinatseka paipi ija ndi manja angawa, ndipo ndinaimanga kolimba.

Masana abwana anandiitana ku ofesi. Ndinalowa nditakonzeka kumva kuti ntchito imafuna akuluakulu. Iwo anangondikankhira lipoti la mng'ono wanga.

"Unaliwerenga ili?"

"Ayi, bwana."

"Werenga tsamba loyamba."

Panalembedwa kuti ganizo lonse linali la woyendetsa kolamu wamkulu, kutanthauza ine, yemwe analipeza pomvetsera chitsulo kwa zaka zambiri, ndipo iye injiniya anangoikapo masamu. M'munsi mwake anapempha kuti njirayo ikatheka, mwini ganizoyo apatsidwe ukapitawo kuti aphunzitse mashifiti onse.

"Ananenanso pamsonkhano paja, iwe utatuluka," anatero abwana. "Anthu anakufunafuna kuti akuombere m'manja. Ine ndinali nditavomera, akuluakulu a kampani anati tione kaye zotsatira. Ndiye zotsatira ndi zimene waziona. Akuti tibweretse munthu wa kunja." Anatseka lipoti lija. "Usadandaule, Khutu. Khutu nalo limakalamba."

Sindikumbuka mmene ndinatulukira. Miyendo inangonditengera kukolamu, ndipo nditakweza maso ndinaona mng'ono wanga atakhala pamasitepe a pa thireyi 14. Pamiyendo pake panali buku la shifiti, lija timalembamo pamanja manambala a ola lililonse. Ndinakwera.

Sanadzuke. "Ndimafufuza pamene ndinalakwitsa," anatero, osandiyang'ana. "Ndiye ndinati ndifananize buku lanu ndi zimene kompyuta inasunga. Mathireyi onse akugwirizana. Pa 14 pokha, tsiku lililonse, inu mumalemba nambala yoposa ya geji ndi zinayi." Anatembenuza masamba. "Chaka chatha. Chaka chinacho. Ngakhale lero m'mawa mwalemba 82."

Dzanja langa linali litazolowera. Linalemba zoona ine mwini wake ndikubisa.

"Tiye tikawauze abwana," ndinatero. "Tiyeserenso mawa. Zitheka, ukudziwa kuti zitheka."

"Ndikudziwa. Koma ndikangotchula geji, abwana afunsa kuti ankadziwa ndani, ndipo atsegula buku ili. Mankhwala a tsiku lonse aonongeka inu mukuona. Si ukapitawo wokha umene muutaye." Analitseka n'kundipatsa. "Ndawauza kale kuti masamu anga ndi amene analakwika."

Ndinafuna kumugwira paphewa, koma anali atayamba kutsika. Atafika pamasitepe a m'munsi anaima n'kuvala chisoti chake.

"Thanki ya mowa ndi madzi otsalira yadzaza. Muyambe ulendo wachiwiri, a Khutu."

Chibadwire anali asananditchulepo dzina limenelo. Kapitawo wa kunja anabwera mwezi wotsatira, ndipo mpaka lero timatcheza kawiri. Lamlungu kwa amayi mng'ono wanga amandithirirabe madzi osamba m'manja, mwaulemu wake wonse, koma liwu loti achimwene sindinalimvenso.