Mluzu Umene Unatsitsa Nkhunda ku Abbasiya

Masiku ano Nyumba Yofufuza ndi Kuphunzitsa Nyimbo za Magetsi ili ndi zipinda zozizira bwino, ndipo ana ophunzirako amayenda ndi timakompyuta m'zikwama. Koma pamene inkayamba, zaka za m'ma 1960, inali kachipinda kochapiramo zovala padenga pa nyumba yosanja ku Abbasiya, m'Cairo, ndipo munali munthu mmodzi yekha, a Dokotala Lutfi Qandil.

A Lutfi anali atangobwera kumene kuchokera ku Jeremani, kumene anakaphunzira kupanga nyimbo popanda ng'oma, chitoliro kapena pakhosi pa munthu. Anabwera ndi mabokosi achitsulo odzaza mawaya, makina awiri ojambulira mawu pa tepi, ndi jekete lokhuthala limene sankalivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mayi awo ankauza anzawo kuti mwana wawo ndi wokonza mawailesi, chifukwa zoona zake zinkawachititsa manyazi.

Sukulu ya ukachenjede inawapatsa kachipindako chifukwa panalibe wina wokafuna. Mkulu wa nthambi ya zaluso, a Pulofesa Hamdi Barakat, ananeneratu mosapita m'mbali kuti nyengo yozizira ikafika mulibe ophunzira, aikamo mapu akale amene ankasowa pokhala. Ophunzira ankabwera ndithu, koma kamodzi kokha. Ankakwera masitepe akuganiza kuti atuluka ali oimba a pa wailesi, a Lutfi n'kuwayatsira makina. Makinawo akayamba kulira ngati udzudzu waukulu ngati ngamila, anawo ankamvetsera mwaulemu, kenako n'kukumbukira kuti azakhali awo akudwala.

Tsiku lina masana kunatentha mpaka makina anayamba kununkha mphira. A Lutfi anatsegula zenera, n'kukhazikapo sipika kuti ipitidwe mphepo, ndipo anapitiriza kupotokola mabatani kufunafuna kamluzu kowonda, kokwera n'kutsika. Inali nthawi imene oweta nkhunda amakwera pa nsanja zawo zamatabwa n'kumasula mbalame, kumwamba n'kuda ndi mapiko. A Lutfi zimenezi analibe nazo ntchito. Iwo nkhunda ankaidziwa ili m'mbale, ataiika mpunga m'mimba.

Atatuluka kuti apume, anapeza denga lonse lili nkhunda zokhazokha, zoyera, zofiirira, zamawangamawanga, zikukankhana mpaka kuseri kwa kachipinda. Asanasankhe poponda, anamva anthu awiri akukwera masitepe akuwefuka. Woyamba kutulukira anali a Zaki, mwini butchala ya pakona, chimunthu chonenepa, atanyamula nsungwi yomangirira mbendera yoitanira nkhunda. Pambuyo pawo panali a Shehata, wosita zovala, bambo wowonda wopindika msana. Awiriwa anali atatha zaka asakulankhulana, kuyambira tsiku limene a Zaki anagwira nkhunda yamphongo yonyaditsa ya a Shehata, n'kuikazinga, n'kutumiza mafupa kwa mwini wake.

Mwambo wa oweta nkhunda unali wodziwika. Nkhunda ikatera padenga pako ndi yako, ndipo mwini wake amayenera kukwera, kumwa tiyi wako, ndi kumeza chipongwe chako chonse asanaitenge. Amuna awiriwo anaima chilili kudikira chipongwecho. A Lutfi anangowauza kuti atenge mbalame zawo msanga chifukwa zikuwadetsera pakhomo.

"Adokotala," anatero a Zaki, nkhope itafiira, "ife si ana oti mungotiponyera zinthu m'manja. Tinyozeni kaye."

A Lutfi anayesa. Anati nkhundazo zikuoneka zotopa. A Shehata anapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti chipongwe chotero ngakhale mbuzi singapsere nacho mtima. Kenako anafunsa funso limene linawakweza masitepe onsewo: mbalame za makola awiri, zosatera konse padenga la mlendo, zatsika bwanji pano?

Chibwerere kuchokera ku Jeremani, palibe anali atawafunsapo a Lutfi za makina awo. Anawalowetsa m'kachipinda, n'kuwafotokozera za mafunde a mawu mpaka dzuwa linapendeka. Pa zonsezo alendowo anatolapo mfundo imodzi yokha: bokosi likaimba mluzu, nkhunda za mnzako zimabwera.

M'mawa mwake a Zaki anafika ndi mwendo wa nkhosa wokulunga m'nyuzipepala. Ananong'ona kuti akufuna kulowa sukulu, koma wosita uja asamve. A Lutfi anakankha chitseko, ndipo a Shehata anali atakhala kale pa benchi, pensulo ili kukhutu. Sabata isanathe panabwera woyendetsa basi, wogulitsa khofi, abale awiri onyika nsalu amene manja awo anali obiriwira mpaka m'zigongono, ndi wapolisi wopuma ntchito. Aliyense ankabwera mobisa, n'kupeza anzake onse ali momwemo.

A Lutfi sanali wopusa. Ankadziwa kuti anthuwa sanabwerere nyimbo. Koma benchi inali yodzaza, ndipo m'mawa kunali kutayamba kuzizirira. Anaika lamulo loti palibe wokhudza batani asanaphunzire chimene batanilo limachita. Motero amuna a ndevu, ena adzukulu ali nawo kale, anakhala mopanikizana kuyang'ana bolodi, kujambula mizere yokhotakhota, kuphunzira kudula tepi ndi lezala n'kuilumikizanso. A Zaki ankadula tepi ngati akusenda nthiti, akudandaula kuti nyama yake ndi yowonda. Wapolisi ankagona, akadzuka n'kufunsa kuti wagwidwa ndani. A Shehata ankalankhula pang'ono, koma akavala zomvera m'makutu ankaiwala kuti kuli malaya a anthu akuwadikira.

Vuto linabwera pamene anafika pa makina. Mluzu uja sunabwererenso. A Lutfi sankakumbukira pamene mabatani anali tsiku lija, ndipo anaganiza kuti mwina kutentha ndi kumene kunasintha mawu. Atanena zimenezi, ophunzira anatsinzinirana diso. Katswiri wanji amene amaulula chinsinsi chake mwezi woyamba? Ulemu wawo pa a Lutfi unakula, ndipo anatsimikiza zochisaka okha.

Apa ndi pamene kufufuza kunayambira. Masana alionse sipika inkakhala pazenera, mmodzi akupotokola, ena ali panja maso kumwamba. Anapeza mluzu wolizitsa agalu onse a mu Abbasiya. Anapeza kulira kwa pansi kumene kunkagwedeza matambula a wogulitsa khofi. Anapeza mawu ena amene anaimitsa bulu wa wogulitsa mavwende pakati pa msewu, ndipo mwini bulu anakwera kudzawatukwana mpaka makolo awo. Nkhunda zinkangodutsa osayang'ana n'komwe pansi. Koma mosadziwa, amunawo anafika poti akamva mluzu ankakangana ngati mafunde ake ali osalala kapena a mano ngati sowo, ndipo nthawi zambiri ankalondola.

M'mawa wina a Lutfi akukwera, anakumana pa masitepe ndi Umm Sobhi, mkazi wa mlonda wa pakhomo, atasenza dengu. Mayiyo anawaimitsa, n'kunena kuti akufuna denga lake. Chaka chilichonse amatsuka tirigu wochokera kumudzi n'kuyanika kuseri kwa kachipinda kaja. Chaka chino atayanika, mbalame za anthu osaopa Mulungu zinatsika n'kudya yense, osasiya ngakhale kambewu kamodzi. Kuyambira pamenepo wakhala akuyanika pabwalo pansi, pamene amphaka amagonapo, ndipo watopa nazo.

A Lutfi anafunsa kuti linali tsiku liti. Mayiyo anati linali tsiku lotentha lija, limene wabutchala anakwera ndi nsungwi.

A Lutfi anakhala pansi pa sitepe. Anavula jekete, koyamba chifikire. Anaganiza za miyezi yonse ija, za agalu, za bulu, za amuna asanu ndi awiri amene anatseka mashopu awo masana alionse kusaka chinthu chimene chinali m'dengu la Umm Sobhi. Anatsimikiza mtima kuti awauza tsiku lomwelo, ndipo mapu abwere ngati akubwera.

Koma tsiku lomwelo ndi limene a Pulofesa Barakat anasankha kudzaona kachipindako, atabweretsa ndi munthu woyeza makoma kuti aone mashelefu akwana angati. Anatulukira padenga akupukuta thukuta, n'kupeza benchi yodzaza. A Zaki anali ataima, lezala kumanja, akuuza a Shehata kuti mafunde awo ndi opindika ngati msana wawo. A Shehata anayankha modekha kuti munthu amene khutu lake linazolowera kulira kwa nkhosa sangaweruze mawu. Onyika nsalu anali pa bolodi, manja obiriwira ali choko chokhachokha. A Pulofesa anafunsa wapolisi chimene akuphunzira, ndipo wapolisiyo, amene anali atangodzuka, anaimirira njo n'kulakatula zonse za mafunde osaphonya liwu.

A Pulofesa anauza woyeza makoma kuti atsogole, n'kukodola a Lutfi kuti awaperekeze. Atafika pokhota masitepe anayang'ana kumwamba ndi pansi, n'kutsitsa mawu. Anati iwo eni ali ndi tinkhunda tingapo padenga kwawo, tongosangalatsa mtima, ndipo ali ndi mnansi, woweruza milandu, amene wakhala akuwabera mbalame zaka zambiri.

"Ndiye zimene zikumveka m'tauni muno, Adokotala, za mluzu uja. N'zoona?"

A Lutfi anatsegula pakamwa. Tirigu anafika pa lilime penipeni. Anayang'ana nkhope ya mkuluyo, yodzaza chiyembekezo ngati ya mwana pa tsiku la Idi.

"Tikufufuzabe, bwana," anatero.

A Pulofesa anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti kafukufuku safuna phuma. Mapu anakawapezera malo kwina.

Koma ophunzira awo aja, a Lutfi sanafune kuwanamiza. Atabwerera m'kachipinda anazimitsa makina, n'kufotokoza zonse, za Umm Sobhi, za dengu, za tirigu. Anapepesa chifukwa cha nthawi yawo, n'kunena kuti amene akufuna kupita apite ndi mtendere. A Zaki anayamba kuseka, mimba ikugwedezeka, mpaka misozi.

"Tirigu! Mwamva, a Shehata? Ife kubadwira m'nkhunda, atiuze za tirigu. Adokotala, lero ndiye mwakhala mnzathu. Bodza lotere ngakhale malemu bambo anga sakanalipeka."

A Shehata anavomereza kuti linali bodza laukhondo, lositidwa bwino. Kanali koyamba awiriwa kugwirizana pa chinthu. A Lutfi analumbira, anaitanitsa Umm Sobhi kuti achitire umboni, koma amunawo anangofunsa mayiyo kuti a Dokotala amulonjeza chiyani. Mayiyo anawatukwana onse pamodzi n'kutsika.

Motero sukulu inapitirira. Mbiri ya mluzu inafalikira mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndipo benchi yachiwiri inagulidwa. Ana a sukulu ya ukachenjede, ataona kuti padenga pakukwera anthu ambiri, anayamba kubweranso, ndipo ena anakhalitsa. Oweta nkhunda anachoka mmodzimmodzi m'kupita kwa zaka, aliyense ali wotsimikiza kuti anatsala pang'ono kupeza. A Zaki anachoka mawondo atakana masitepe, koma ankatumizabe nyama pa chikondwerero chilichonse, poopa kuti chinsinsi chingaululidwe iwo atayiwalika.

A Shehata sanachoke. Nkhunda zawo anapatsa mphwawo, n'kuyamba kunyamula makina ojambulira kupita nawo ku shopu. Anajambula kufwenthera kwa nthunzi, kugunda kwa simbi pa thebulo, ndi madzi amene ankapemerera ndi pakamwa pa malaya. Anadula matepiwo, kuwatembenuza, kuwachedwetsa, mpaka panatuluka nyimbo imene a Lutfi ataimva anapempha kuti aimvenso.

Nyimboyo inaseweredwa pa chionetsero choyamba cha Nyumbayi, mu holo ya sukulu. Pa nsanja panalibe munthu, koma masipika awiri okha ndi mphika wa maluwa. A Shehata anakhala kutsogolo atavala mkanjo woyera, pambali pawo pali akazi awo, mayi Fathiya, amene anali asanalowepo mu holo ngati imeneyo. Nyimbo itatha anthu anazengereza pang'ono, kenako anaomba m'manja, ena mwachidwi, ena chifukwa anzawo akuomba. A Lutfi anawerama n'kufunsa mayi Fathiya kuti aiona bwanji.

Mayiwo anaganiza kaye. Anati ndi yabwino ndithu, ndipo pakatikati paja anamva tsitsi kuwayimirira. Koma anawonjeza kuti simbi imene imamveka kumapetoyo inali itatentha kwambiri, ndipo tsopano adziwa amene anawotcha malaya a mlamu wawo, mlandu umene a Shehata anaukankhira pa wantchito wawo chaka chathachi.

A Shehata anayang'ana kutsogolo ngati sanamve. Kenako anaimirira, n'kuweramira anthu monga anawaphunzitsira a Lutfi, ndipo anakhala chiweramire nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.