Telefoni Uku, Kompyuta Uko

M'chaka cha 1988, kabungwe kena kothandiza alimi a mpunga ku Domasi kanalandira kompyuta. Woigwiritsa ntchito anali Abida, amene anaphunzira taipi ku Blantyre. M'kompyutamo ankasunga zotsatira za mbewu zimene alimi ankayesa m'madambo: iti yapirira madzi, iti yagwa ndi mphepo.

Tsiku lina wokonza makina anabwera kuchokera ku Zomba, anasamutsa zonse kuchoka pa madisiki n'kuziika m'kati mwa kompyutayo, n'kumapita. M'mawa mwake Abida atayatsa, pulogalamu inangolemba kuti sikupeza kanthu. Lachisanu alimi a kwa Malemia ankabwera kudzasankha mbewu yodzala.

Ofesiyo inalibe telefoni. Yapafupi inali m'sitolo ya anjomba ake, a Sefu, tsidya la msewu. A Sefuwo sankabisa maganizo awo: mwana wa mlongo wawo akanachita bwino kuwathandiza kugulitsa nsalu kusiyana n'kumagogoda bokosi tsiku lonse. Abida anapitabe, n'kuimbira mayi Jacinta, amene anamuphunzitsa ntchitoyo.

"Palibe chafufutika, mwanangu," anatero mayiwo. "Pulogalamuyo ikufunafuna kumalo akale. Ulowe m'masetingi, uiuze kumene zinthu zili tsopano."

Koma telefoni inali uku, kompyuta uko. Abida ankamvetsera, n'kuthamanga, pokafika n'kupeza kuti wasokoneza zilembo. Atabweranso ali wefuwefu, a Sefu anamulanda telefoniyo.

"Ukundithamangitsira makasitomala iwe. Pita ukatsegule windo. Ine ndizikuwa."

Anakoka chingwe mpaka pakhomo, n'kuima pakhonde, chikofiya chitapendekera.

"Akuti ukuona chiyani?"

"Pali mzere woyamba ndi B, anjomba!"

"Akuti B ameneyo ndiye wakusocheretsa! Mfufute, uike C!"

"C yekha?"

"Ndi timadontho tiwiri, kena pamwamba pa kanzake! Kenako kandodo kotsamira kumanzere!"

Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda. Bambo wina anatsika panjinga kufunsa ngati pabuka mkangano.

Abida anamaliza kulemba n'kudina batani lalikulu. Makinawo anang'ung'udza. Kenako zilembo zobiriwira zinayamba kutsika: mpunga wa Faya, dambo lakumunsi, zokolola za chaka chatha, zonse zili m'malo mwake.

"Zabwera, anjomba! Zonse!"

"Akuti zabwera!" a Sefu anakuwira m'telefoni, ngati kuti mayi Jacinta nawonso ali tsidya la msewu. Amayi a tomato anaimba nthungululu osadziwa n'komwe kuti chabwera n'chiyani.

Abida atawoloka kukathokoza, anapeza anjomba ake akupukuta thukuta ndi mpango.

"Ntchito yako ndi yotopetsa," anatero. Anabwezera mpango m'thumba. "Kamunda kanga kakumtsinje kamamira chaka chilichonse. Bokosi lakolo lingadziwe mbewu yoyenera pamenepo?"

"Bwerani Lachisanu, tidzaonere limodzi."

"Undisungire mpando wapafupi. Maso angawa saona patali."