Kabudula wa Batani

A Telala anali chogwada pansi m'khitchini, tepi ili m'manja, choko atapanira kukhutu, pamene akazi awo analowa ndi beseni la zochapa.

"Bambo, mukuyeza chiyani pamenepo?"

"Palibe. Ndikungoona."

"Kuona kwake kwa tepi? Maso anu anatha liti ntchito?"

Woyezedwayo anali Batani, kagalu kawo kofiirira, kakang'ono moti kankakwana m'dengu la zidutswa za nsalu. Panali patapita masiku anayi chichitireni opaleshoni. Batani anaterereka potsika pampando, fupa la mwendo wakumbuyo n'kuguluka pachiuno, ndipo dokotala wa ziweto anang'amba, kulibwezera m'malo mwake, n'kusoka. Ntchafu yonse inali yometedwa mpala, ndipo pakati pake panadutsa mzere wa ulusi wakuda.

Malamulo a adokotala anali papepala limene Mayi anamata pachitseko cha kabati. Galu asadumphe ndipo asathamange kwa milungu isanu ndi umodzi. Bala lisaphimbidwe, lizipitidwa mphepo. Kolala asavulidwe kwa masiku khumi ndi anayi. Kolalayo anali chipulasitiki chonga ndowa yobooka pansi, chomangidwa m'khosi kuti pakamwa pasafike pabala. Akalephera kusunga zimenezi, anatero adokotala, bala likhoza kulowa mafinya mpaka pafupa, ndipo mwendowo sudzapondanso pansi.

Mayi sanachedwe. Anagoneka tebulo cham'mbali pakona ya khitchini, natseka mbali inayo ndi mipando iwiri, kakhola n'kukhala katatha. Anasankha khitchini dala chifukwa inali kutali ndi chipinda chosokera. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, makina akangoti tchekete, Batani ankathamanga kukadumphira pakampando kake pafupi ndi a Telala, n'kukhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka. Kudumpha komweko ndi kumene kunamuvulaza.

Koma m'kakholamo Batani sankadya. Ankanunkhiza mbale, kolala n'kugunda pansi kuti kho, iye n'kutembenukira kukhoma. A Telala mtima unkawawawa kwambiri, ndipo mlandu wonse anaukankhira kwa kolala.

"Inuyo atakuvekani ndowa m'khosi mungadye?" anafunsa.

"Ndikanadya, ndikanakhala kuti ndili ndi njala. Musiyeni, azolowera."

"Ndiponso taonani kasokedweka. Apa patali, apa pafupi, mfundo zili poonekera. Wophunzira ntchito atandisokera chonchi ndingamuuze kuti aphwasule ayambirenso."

"Eya, ndiye mukatsegule chipatala chanu," anatero Mayi akupita kukayanika zovala. "Koma kolala yekhayo musakhudze. Chifundo chinaphetsa msemamitondo."

A Telala anali munthu amene kwa zaka makumi anayi sanaonepo vuto loti nsalu yodulidwa bwino n'kulephera kulithetsa. Wamimba yaikulu ankamubisa mimba, wamapewa opendekeka ankamuwongola. Ndiye kabala kotalika ngati chala kangawakanike bwanji?

M'mawa mwake Mayi atangotuluka kupita kumsika, iwo analowa m'chipinda chosokera. Anatenga chidutswa cha nsalu ya suti yotuwa, chimene anachisunga zaka zambiri poona kuti n'chabwino kwambiri kuti achitaye. Anajambula ndi choko, kudula, kuika kansalu kofewa mkati kuti pabala pasakhulike. Anasiya kabowo ka mchira, napenda m'mphepete mwake ndi manja. Pamsana anaikapo batani limodzi la nyanga. Kunena chilungamo, anali kabudula wokongola, woti ngakhale mwana wa munthu akanapita naye kutchalitchi.

Anamuveka Batani mosamala, mwendo wodwala poyamba, kenako anamasula kolala. Galu anapukusa mutu, makutu n'kulira phaphapha, nawanyambita dzanja.

"Waona? Bala labisika, khosi lamasuka. Madokotala adziwa mankhwala, koma zovala atisiyire eni ake."

Anabwerera kumakina ali mwetumwetu kukamaliza jekete ya kasitomala. Kukhitchini kunali zii. Masiku onsewo Batani ankalira akamva makina, koma lero ayi, ndipo a Telala anati mumtima mwawo wodwala wagona tulo tabwino. Anasoka mkono umodzi, nasoka winawo, akuimba kanyimbo ka m'mphuno.

Patatha ola anapita kukamuona. Batani anadzutsa mutu, kaulusi kotuwa kakulendewera pakamwa. Pantchafu ya kabudula panali chibowo chonyowa ndi malovu, ndipo bulangete linali ndi madontho ofiira. Chete uja sanali tulo ayi. Galu anali kalikiliki pantchito.

A Telala anamuvula kabudula uja msangamsanga. Ulusi unali utachoka malo awiri kumunsi kwa bala, ndipo khungu linali litayasama pang'ono, poti nsonga ya chala n'kulowa. Kenako miyendo inawatengera kumene inazolowera kupita zinthu zikang'ambika. Anatsegula kabokosi ka singano, nasankha yaing'ono kwambiri, nalowetsa ulusi wa silika. Anali atagwadanso pakhola paja, magalasi ali pamphuno, pamene chitseko chinatseguka.

Mayi anaona kolala ali pakabati, kabudula ali pansi, singano ili m'manja. Sanakuwe. Anatula jumbo pansi pang'onopang'ono.

"Bambo a mwana, ikani pansi singanoyo."

"Ndi malo awiri okha, Mayi. Mphindi imodzi siyikwana."

"Ameneyo si thalauza. Ikani pansi."

A Telala anayang'ana singano, nayang'ana Batani amene ankawagwedezera mchira osadziwa kanthu. Manyazi anawagwira. Anabaya singano ija pakolala wa malaya awo, nakatenga dengu loti amunyamuliremo Batani.

Chipatala cha ziweto chinali tsidya lina la msewu waukulu, kuseri kwa sitolo ya utoto. Anayenda wapansi, a Telala atakumbatira dengu pachifuwa, Mayi ali pambuyo ndi kolala m'dzanja limodzi, kabudula m'dzanja linalo.

"Kabudulayo mwatengeranji?"

"Umboni."

A Telala anangoweramitsa mutu n'kuwonjezera liwiro. Paja fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Adokotala anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wa mwana wawo. Anamugoneka Batani patebulo lachitsulo, natsuka bala, napinda mwendo ndi kuutambasula mofatsa akumvetsera ndi zala pachiuno. A Telala anaima pakona, chipewa chili m'manja, akuyang'ana nkhope ya adokotala ngati woimbidwa mlandu.

"Mkati muli bwino," anatero adokotala pomaliza. "Fupa silinasunthe. Wangotsegula khungu lokha. Mwachita mwayi, bambo. Akanakhala ndi ola lina, bwenzi tikukamba zina."

A Telala anapumira m'mwamba. Apo Mayi anapereka umboni wawo. Adokotala anautembenuza, nasuzumira mkati, nayendetsa chala pamsoko.

"Anasoka ndani?"

"Ndi awa ali pakonawa," anatero Mayi. "Akuti inuyo mfundo zanu zili poonekera."

"Mayi!"

Adokotala anaseka mpaka kugwira tebulo. "Akunena zoona. Ine kusoka kotere sindingakuthe. Koma mfundo zangazo ndimazisiya kunja dala, bambo, kuti tsiku lochotsa ndisavutike kuzipeza. Ndipo nsalu yanu yabwinoyi ndi imene yamuyabwitsa. Bala likafunda limatuluka thukuta, likatuluka thukuta limanyerenyetsa, ndiye galu alibe zala zokandira. Ali ndi mano."

Anabaya jakisoni wochititsa dzanzi, nasoka malo awiri aja. A Telala anasendera pafupi kuonerera, ndipo ulendo uno sanapezepo cholakwa. Adokotala atatenga kolala kuti amuveke, iwo anatambasula dzanja.

"Ndipatseni ndimuveke ndine. Ndinavula ndine."

"Masiku khumi ndi anayi aja tiyambiranso kuwerenga lero," anatero adokotala. "Adzalira, adzakuyang'anani ndi maso achisoni. Inu limbani mtima."

Atafika kunyumba, a Telala sanalowe m'chipinda chosokera. Anafunditsa makina nsalu yake, natola mathalauza atatu ofunika kupinda miyendo ndi jekete ija yofunika mabatani, zonse ntchito za manja. Anayala katoni pansi m'khitchini, pafupi ndi kakhola, nakhala pomwepo atatsamira khoma. Mawondo analira potsika, pakuti mwini wake anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Mwasamukira kuno?" anafunsa Mayi.

"Ndikulondera. Wakuba uja ndamudziwa tsopano, amaba kukakhala chete."

"Nanga ine ndiziphika polumpha miyendo yanu?"

"Muzilumpha. Adokotala analetsa galu yekha."

Batani anawayang'ana kwa kanthawi. Kenako anadzikoka pamimba mpaka kumipando, natulutsa m'mphepete mwa kolala pakati pa miyendo ya mpando, n'kuusanjika paphazi la a Telala. Anapuma mpweya wautali. A Telala anapitiriza kusoka, osasuntha phazilo ngakhale linachita dzanzi.

Chakumasana Mayi anaika mbale ya chakudya m'khola monga mwa masiku onse, osayembekezera kanthu. Batani anaimirira ndi miyendo itatu, kolala n'kugunda pansi kuti kho, naweramitsa mutu bwinobwino mpaka kolala anavindikira mbale yonse. Mkatimo munamveka kutafuna. Anadya zonse, nanyambita mbale mpaka inayenda yokha.

Awiriwo anayang'anizana.

"Kolala ali m'khosi momwemo," anatero Mayi.

"Ndaona."

"Ndiye chimamuletsa kudya chinali chiyani?"

A Telala anadula ulusi ndi mano. Mayi anakhala pampando, nayang'ana galu uja amene anali atabwerera kale paphazi paja.

"Kani nanenso ndinalakwa," anatero motsitsa mawu. "Ndinamutsekera kuno ngati wamndende, mnzake akumumvera kutali. Zaka zonsezi anadyapo liti inu palibe?"

"Inu munkateteza mwendo. Ine ndi amene ndinatsala pang'ono kuuwononga."

"Chabwino, tagawana. Koma gawo lanu ndi lalikulu."

Masiku otsatira anayenda mwa dongosolo lake. M'mawa Mayi ankabisa piritsi m'kachidutswa ka nyama, Batani n'kumeza nyama, piritsi n'kulilavula, mpaka kachitatu. Kenako a Telala ankakulunga thawulo pansi pa mimba yake, kugwira nsonga zonse ziwiri m'mwamba, n'kumuyendetsa pakhonde kuchokera pachitseko kukafika pampopi ndi kubwerera, mwendo wodwala uli lende. Anthu odutsa mumsewu ankaima kuonerera mkulu wa imvi akuyendetsa galu ngati chikwama. Iwo analibe nazo ntchito. Akamaliza ankabwerera pakatoni pawo. Makasitomala ankawapeza pomwepo, ndipo ofuna zosoka pamakina ankauzidwa kuti adikire. Ena ankadandaula, ena ankagwada n'kumupatsa moni wodwalayo.

Kawiri konse Batani anakanda kolala ndi mwendo wakutsogolo akulira mopyapyala, maso ali pa a Telala. Iwo ankayang'ana kudenga n'kumamuuza nkhani za masuti amene anasoka ali mnyamata, mpaka kulira kuleke. Mtima unkawawa ndithu, koma dzanja silinapite pakhosi.

Kukhala pansi kuja kunabweretsanso zina. Mayi akamasenda mbatata kapena kutsuka mbale, a Telala ankakhala ali pomwepo, ndipo ankacheza nkhani zimene kale zinkamizidwa ndi phokoso la makina.

"Ndiyenera kuthokoza galu," anatero Mayi tsiku lina. "Zaka makumi anayi ndimangokuonani msana."

"Nanga mwaona kuti kumaso n'kwabwino?"

"Msana unali bwinoko."

Tsiku lakhumi ndi chinayi adokotala anachotsa ulusi ndi kolala, bala litauma bwino. Koma mwendo unali ukadali m'mwamba. Adokotala anati ena amaponda msanga, ena amachedwa, ndipo alipo ena amene amazolowera miyendo itatu osaponderanso. Anati asamukakamize, asamuitane kuti abwere mothamanga, angomusiya aganize yekha.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Mayi pobwerera, ataona kuti amuna awo ali ndwii.

Panapita masiku ena asanu. M'mawa wina a Telala anadzuka pakatoni paja kukatenga sizasi imene anaiwala pawindo, mbali ina ya khitchini. Atatembenuka anaona Batani ataima pakhomo pa khola, pamene iwo anasuntha mpando, akuwayang'ana. Mwendo uja unatsika pang'onopang'ono. Zala zinakhudza simenti, n'kubwerera m'mwamba. Zinatsikanso, ulendo uno n'kukhazikika.

Mluzu unafika pamilomo ya a Telala wokha, uja ankamuitanira masiku onse, koma anaumeza. Anagwada pansi mwakachetechete, natambasula manja, osatulutsa mawu. Batani anaponda kamodzi, kawiri, katatu, motsimphina koma ndi miyendo yonse inayi, mpaka mphuno yake yozizira inafika m'chikhatho chawo.

"Mayi," anaitana monong'ona. "Tabwerani. Koma musathamange."