Chiliza cha a Sipekita

Ngolo itakhota kulowa pabwalo la nyumba za aphunzitsi, n'kuti Katija atangovula nsapato. Mawu anali atamuthera m'kalasi, momwe ana a sitandade wani amadzaza mpaka pakhomo, ndipo ankangofuna kukhala pansi osayankhulitsidwa ndi munthu. Koma ng'ombe zinadzaima pakhomo pake penipeni. Pamwamba pa matumba a simenti panali a Laston, eni golosale yaikulu ya ku boma la Phalombe, atakumbatira chinthu chachitali chokulungidwa m'masaka ngati akuperekeza wodwala kuchipatala.

"Odi a Madamu! Katundu wa bambo wafika," anatero a Laston akutsika, thukuta lili kamukamu.

"Katundu wanji, a Laston?"

"Aa, mwana wa a Sipekita kuiwala? Chiliza! Chafika dzulo kuchokera ku Limbe. Mawa mmisiri amanga, Loweruka tivundukula. Kwaya yakonzeka, mbuzi ili pachingwe. Koma musasuzumire m'masakamu, mwambo sulola. Mudzaonera limodzi ndi anthu."

Katija anayang'ana chinthu cha m'masaka chija.

Bambo ake, malemu a Wahabu, anali woyang'anira sukulu zonse za m'dera la Chiwalo, ndipo anthu ankangowatchula kuti a Sipekita. Masiku amenewo makolo ambiri achisilamu ankaopa kuti mwana akalowa sukulu abwerako ndi dzina lina ndi chipembedzo china. Makolo achikhristu nawo ankati mnyamata akayamba kumera ndevu malo ake ndi ku nyanja ya Chilwa, kokoka makoka. A Wahabu ankayenda khomo ndi khomo, kukhala pamphasa ya mwini mpaka mwiniyo atatopa n'kupereka mwana. Sukulu zingapo za m'derali zinayambira pansi pa mitengo chifukwa cha liuma lawo. Anamwalira zaka zapitazo, koma Katija sankatha kugula tomato pamsika popanda wina kumugwira dzanja n'kuyamba, "Bambo ako aja!" Bambo akewo ankawakonda, koma kunena zoona, anali atatopa ndi kukhala mwana wa a Sipekita.

Nthawi ya dzinja, ophunzira akale a m'sukulu zija anapanga komiti n'kudzamupeza Katija ataweruka. Ambiri anali Akhristu, ndipo kwa iwo ulemu womaliza kwa munthu amene unamukonda ndiwo kumumangira chiliza. Katija anamva bwino lomwe zimene ankanena. Ankadziwanso kuti kumanda a kwawo, komwe agona Asilamu okhaokha, saikako simenti. Koma ukakane bwanji anthu aimvi akulankhula misozi ili m'maso? Anangoti, "Chabwino, palibe vuto," poganiza kuti komitiyo ifa yokha isanakwawe, monga amachitira makomiti onse a kuno. Anaiwala kuti wapampando wake anali a Laston. Amayi ake ndi achimwene ake sanawauze kanthu. Ankangoti ndiwauza sabata yamawa, ndipo zengerezu analindadi kwaukwau.

Anyamata a ngolo atatsitsa katunduyo pakhonde, Katija anavalanso nsapato zija n'kuuyamba wa kumudzi.

Anapeza achimwene ake, a Abdulrahim, pansi pa mtengo wa mango pomwe amakonzera njinga. Chapatali pang'ono, amayi awo, a Fathiya, ankapeta nandolo. Katija anapereka moni, n'kukhala pa chitsa, n'kufotokoza zonse maso ali pansi.

A Abdulrahim sanasiye kumata chubu. "Wati simenti?"

"Eya, achimwene."

"Ndi kwaya?"

"Akuti aimbira kunja kwa mpanda."

"Kunja kwa mpanda," anabwereza mawuwo pang'onopang'ono. "Iwe Katija, unakulira kuti? Agogo agona komwe kuja. Amalume agona komwe kuja. Unaonako ndani ali ndi khonde? Mwala kumutu, mwala kumiyendo, basi. Wolemera ndi wosauka chimodzimodzi. Akafuna kukumbukira bambo aphike sadaka, osauka adye, a shehe apemphere."

"Iwowo sakufuna kutinyoza. Kwawo umenewu ndiye ulemu."

"Kwawo. Nanga manda aja ndi a kwawo?"

"Anawathandiza, achimwene. Popanda bambo, a Laston bwenzi ali msodzi."

Apa ndiye a Abdulrahim anaika chubu pansi. Katija anazindikira mochedwa kuti waponda pachilonda.

"Msodzi monga ndinalili ine, eti? Ine amene ndinabwereza sitandade eyiti mpaka ndevu, osasankhidwa. Ndinawagwadira bambo kuti angondilankhulirako kwa anzawo a ku ofesi. Anandiyankha kuti mwana wa Sipekita salowera pawindo. Ndinakathera ku Chilwa, udzudzu ukundidya, iwo ali kalikiliki kutola ana a eni ku Chilwa komweko. Ankakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anangoiwala kuti wako nayenso ngwako."

"Koma pamenepo sanalakwe."

"Sindinati analakwa. Ndinawasambitsa ndine, ndinawatsitsira m'manda ndine. Moyo wawo wonse anali a anthu amenewo. Tsopano akufunanso ndi manda omwe?" Anatola chubu chija. "Mvetsetsa, mlongo wanga. Simenti ikangokhudza dothi lija, pakhomo pako sindidzapondaponso, ndipo tsiku langa likadzakwana usadzavutike kubwera."

A Abdulrahim sanali munthu wolumbira zamasewera. Katija anatembenukira kwa amayi ake, amene nthawi yonseyi lichero linali lisanaime m'manja mwawo.

"Amayi, inu simunenapo kanthu?"

"Ndinene chiyani? Pamene unkavomera unandifunsa?" anatero a Fathiya akuuzira mankhusu. "Mapanga awiri avumbwitsa, mwanangu. Unavomera wekha, ukakane wekha."

M'mawa mwake, belu la kusukulu lisanalire, komiti inali itafika kale pakhomo pa Katija. Kunali a Laston, kunali a Belita, namwino wopuma ntchito amene anali mlembi wa komitiyo, ndiponso mmisiri wawo Elton ndi fosholo paphewa. Amayi angapo a kwaya anabwera ndi zidebe kuti akatungire mmisiri madzi. Onse anali osangalala ngati akupita ku chinkhoswe.

Katija anatuluka, n'kugwada pakhonde pafupi ndi masaka aja.

"Makolo anga, ndakulakwirani. Chiliza ichi sichikamangidwa."

A Laston anaseka pang'ono, poyesa kuti mwina sanamve bwino.

"Sichikamangidwa lero, kapena bwanji?"

"Sichikamangidwa konse. Kwathu pamanda sitimangapo. Ndinkadziwa tsiku lomwe lija, koma ndinachita manyazi kukukanizani."

"Manyazi?" Mawu a a Laston anakwera. "A Madamu, manyazi ndi amene mwatipatsa lerowa. Anthu akubwera kuchokera ku Zomba, ena ku Lilongwe. Ndikawauza chiyani? Kuti banja la a Sipekita latiyesa agalu?"

"Ayi, a Laston."

"Ine munthu ameneyu anakanditola pa doko, ndili ndi kabudula mmodzi, ndikununkha matemba. Anandikweza kumbuyo kwa njinga yake mpaka m'kalasi. Bambo anga ondibala ndinawamangira chiliza. Ndiye awa, amene anandipatsa maso, ndiwasiye m'dothi lopanda ndi dzina lomwe? Mvula ikadzasalaza pamenepo, adzukulu athu adzaloza pati?"

Katija anangowerama, akuona nyerere zikukwera pa thumba la simenti.

A Belita analankhula motsitsa, ndipo mawu awo ndi amene anapweteka kwambiri. "Ine ndinali nditalandira kale nsalu ya ukwati ndili sitandade sikisi. A Sipekita anakhala pakhomo pathu kuyambira m'mawa, anakana ndi madzi omwe, mpaka amalume anabweza nsaluyo. Sitinabwere kudzalanda maliro a eni, mwanawe. Ukanatiuza poyamba paja, tikanamva. Bambo ako akamakana ankakana pamaso, nthawi yomweyo."

"Ndamva, amayi."

Mayi wina wa kwaya anati bwanji mwala wa chiliza uli m'masakawo ukaimikidwe pasukulu, poti ndi pomwe a Sipekita anasiya thukuta lawo. Elton anatsitsa fosholo n'kupukusa mutu.

"Pasukulu? Mwala wa kumanda? Inu simuwadziwa anthu a kuno. Lolemba lisanafike mbiri idzakhala itamveka mpaka ku Chilwa kuti aphunzitsi akwirira munthu pabwalo la mpira. Mudzaphunzitsa mabenchi."

Ena anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunazima msanga. A Laston anaitanitsa ngolo, anyamata n'kukwezanso simenti. Atafika pa mwala uja, a Laston anawaletsa.

"Usiyeni. Uli ndi dzina la bambo awo. Ine ndikauika kuti, m'golosale?"

Anachoka osatsanzika. Katija anadzuka, n'kusasa fumbi m'maondo, n'kupita kukalasi. Tsiku limenelo anaimbitsa ana nyimbo ya zilembo mpaka mutu unamuwawa.

Loweruka linadutsa mwakachetechete. Anamva kuti alendo anafikadi, anadya mbuzi ija kunyumba kwa a Laston n'kubwerera. Sabata yotsatira anakumana ndi a Laston ku boma, iwo anayang'ana kumbali ngati aitanidwa ndi wina. Pamsika palibe amene anamugwiranso dzanja. Katija ankaganiza kuti tsiku lotere likadzafika adzapuma, koma ankabwerako ndi tomato wake mtima uli wolemera. A Abdulrahim anabwera kamodzi kudzamusiyira mpunga. Anauyang'ana mwala uja m'masaka mwake, n'kumwa tiyi n'kumapita.

Mwalawo unakhalabe pakhonde. Nkhuku zinayamba kugonapo. Katija ankaulambalala m'mawa ndi madzulo, osaukhudza.

Tsiku lina masana, mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Mulanje, a Fathiya anatulukira ndi ndodo yawo. Sankayenda mtunda wotere kawirikawiri. Katija anawayalira mphasa, koma iwo anakana kukhala.

"Chinthu chija ndi chimenechi?"

"Ndi chomwechi, amayi."

"Tamasula ndione chimene chadanitsa anthu."

Katija anatenga mpeni n'kudula zingwe. Masaka anagwa. Mwalawo unali wakuda, wosalala, dzina la a Wahabu litalembedwa ndi zilembo zoyera. Pamwamba pa dzinalo panali chithunzi. Komiti iyenera kuti inachipeza kwa mphunzitsi wina wakale, chifukwa Katija anali asanachionepo. A Sipekita anali ndi kofia yawo kumutu, atapendekera kumbuyo, akuseka kukamwa kuli yasa, maso atatsinzina, ngati mwana wina wangoyankha zoseketsa m'kalasi.

A Fathiya anayandikira, n'kuwerama. Anachiyang'anitsitsa chithunzicho.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi bambo, amayi. Maso ayamba kuvuta?"

"Maso ali bwino. Ndawaona kuti ndi iwo." Anapukuta fumbi pachithunzicho ndi nsonga ya mpango wawo. "Koma nkhope iyi kunyumba sankabwera nayo. Ankafika dzuwa litalowa, miyendo yoyera ndi fumbi, kusamba, kuswali, kudya, kugona. Ukawafunsa za munda, ankayankha za sukulu. Ndinkangoti ndi chibadwa chawo, anthu ena saseka. Kani ankasekera kwina."

Katija nayenso anafufuza m'mutu mwake tsiku limene bambo ake anaseka chotere pakhomo pawo, koma sanalipeze.

"Ndipeza ngolo, amayi. Ndikausiya kwa a Belita, aone okha chochita nawo."

"Usaubweze."

"Nanga ndiutani?"

"Ulowetse m'nyumba. Mvula ikubwerayi ingawononge chithunzi. Ndizibwera ndikapeza mphamvu." Anaima kaye, akuyang'anabe nkhope ija. "Koma uziuphimba akamabwera mlongo wako. Iye anazolowera kuti bambo ake anali munthu wouma kwa aliyense, ndipo n'zimene zimamugoneka tulo. Akadzaona ichi, adzadziwa kuti sizinali choncho."

Madontho oyamba anayamba kugwa pa malata. Katija anayala saka limodzi pansi, ndipo awiriwo anaugoneka mwalawo mosamala, chithunzi chili kumwamba. Unali wolemera kuposa mmene unkaonekera. A Fathiya anatsamiritsa ndodo yawo kukhoma n'kugwira ngodya imodzi ya sakalo, Katija inayo, n'kuyamba kuukokera m'nyumba pang'onopang'ono, akupumira panjira.