Bambo Anamvera Loya Wawo

Mayeso a uloya atayandikira, mwana wamkazi wa kalipentala anasiya kuwerengera kunyumba. Ankakhala pa benchi m'shedi ya bambo ake, buku la malamulo oyendetsera dziko lili pamiyendo, n'kumalakatula mokweza ngati mlaliki wapamsika. Bambowo ankapala matabwa uku atatchera khutu. Sukulu anailekeza panjira, koma mutu wawo sunkataya kanthu, ndipo posapita nthawi anayamba kumukonza.

"Mwadumpha china, aLoya. Munthu womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo auzidwe kuti zonse zimene anganene zitha kumutembenukira kukhoti."

"Bambo, bwanji mayesowa mukandilembere inuyo?"

"Akandipatsa pensulo yanga yapakhutu, ndikalemba."

Ankamunyadira mochititsa manyazi. Wobwera kudzagula mpando ankayamba wamva kaye za ufulu wake asanauzidwe mtengo. Koma thupi lawo linali litatha ndi matenda a shuga. M'mawa ndi madzulo ankadzibaya jakisoni pamimba, ndipo akangodumphitsa ankayamba kupapira madzi, maso n'kulowa m'kati.

Tsiku limene mwanayo ankayenera kukwera basi yopita kumzinda wa mayeso, apolisi anabwera. Matabwa amene bambowo anagula kwa dalaivala wina wa lole anali akuba. Apolisiwo anatenga bambowo ali ndi utuchi m'tsitsi.

Mwanayo anathamangira kupolisi atanyamula kathumba ka mankhwala. Wapolisi wapakauntala anakalandira, nakaponya m'kabati momwe munali malamba ndi mafoni a anthu ena. Sanalembepo dzina. Za belo anati adikire abwana, ndipo abwanawo, monga mwa nthawi zonse, anali atangotuluka kumene.

Anawalola kuonana pa zitsulo za chitokosi. Fungo la ndowa yodzithandiziramo linkafika mpaka pakhonde.

"Sindipita, Bambo. Ndidzalemba chaka chamawa."

"Upita. Ndakhala ndikumva bukuli mpaka makutu kuwawa, ndiye undiuze za chaka chamawa? Masiku awiri si chaka."

Mwanayo anachita mantha, ndipo mantha anamulankhulitsa ngati buku.

"Ndiye mverani. Musayankhe funso lililonse. Musasaine paliponse. Akakusekererani, akakunyengererani, inu chete mpaka ine nditabwera."

"Ndamva, aLoya," anatero bambowo, ndipo nthawi iyi sanali kuseka.

M'chipinda cha mayeso munali zii, kupatula chokupizira mphepo chimene chinkalira kudenga. Mafoni onse anali atasonkhanitsidwa pakhomo. Mwanayo analemba za kugawana mphamvu pakati pa nthambi za boma, za malire a ufulu, za ulemu wa munthu umene boma silingauchotse. Dzanja linkathamanga lokha. Madzulo anaimbira kupolisi, foni n'kumangoitana. Anadziuza kuti mankhwala anawasiya m'manja mwa boma, nagona. Tsiku lachiwiri atangotula cholembera anathamangira basi.

Pakauntala anapezapo wapolisi wina, wachikulire, wa nkhope yotopa. Atamva kuti akufuna kalipentala, anaimirira n'kuvula chipewa.

"Ndinu mwana wawo? Khalani pansi, mayi."

Sanakhale.

"Mnzanga anachoka osandiuza kanthu," anatero wapolisiyo. "Ine kathumbako ndinakapeza dzulo m'mawa. Ndinapita nako kuchitokosi, ndikufunsa kuti mankhwalawa ndi a ndani, wodwala ndani muno. Palibe anayankha. Bambo anu anali atawaphunzitsa onse kuti wapolisi sayankhidwa. Ndinabwereranso masana. Ndinawaona akumwa madzi a anzawo, ndinawafunsa ndi ulemu wonse ngati akudwala. Anangondiyang'ana. Mawu amene ndinawamva ndi akuti akudikira loya wawo."

"Simunaone kuti munthu akutha?"

"Ndinaona. Ndinaganiza kuti ndi njala ndi kutentha. Muno aliyense amaoneka choncho."

Anzawo a m'chitokosi anayamba kumenya chitseko m'mamawa wa tsiku lachiwirilo, bambowo atasiya kudzuka. Galimoto ya polisi inalibe mafuta. Pamene inapezeka ina, kuchipatala anangowalandirira kuchipinda chozizira chosungira mitembo.

Mwanayo ankadziwa ndime ya malamulo imene inaphwanyidwa, ankadziwa ndi khoti loyenera kukasumako. Zonsezo zinali m'mutu mwake, zoyalana bwinobwino, ndipo anadana nazo. Kenako anakhala pa benchi yomwe anaikana ija.

Wapolisi anatsegula kabati, natulutsa lamba, nsapato ndi kathumba kosamasula. Anaziika pakauntala mwaulemu. Kenako anafunsa zimene anthu amafunsa.

"Anzawo a m'chitokosi ankati muli ku mayeso. Ayenda bwanji?"

Mwanayo anakokera nsapatozo pachifuwa.

"Ndayankha mafunso onse," anatero.